Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Kumsonkhano kumene munandituma ndabwerako bwino. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa msungichuma. Pano ndingokufotokozerani phunziro limene linatitengera nthawi yaitali, loyerekeza chule waululu ndi gologolo pa nkhani ya mmene nyama zimadzitetezera.

Chuleyu si wakwathu kuno. Amakhala m'nkhalango za mvula yambiri kumadzulo kwa dziko la Colombia, ndipo akatswiri anamupatsa dzina loti Phyllobates terribilis mu 1978. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 5 basi, koma amayenda poyera dzuwa likuswa mtengo, ali wachikasu chowala. Mtundu wowalawo umachenjeza adani kuti pakhungu pake pali ululu woopsa. Anthu a mtundu wa Emberá, a ku Colombia komweko, amakhudzitsa nsonga za timivi tawo pamsana pake akamapita kosaka.

Chimene chinatidabwitsa tonse n'choti ululuwo umachokera ku tizilombo timene amadya m'nkhalangomo. Achule amene aswedwa m'manja mwa anthu n'kumadyetsedwa chakudya china amakula opanda ululu, ngakhale mtundu wawo uli wowala chimodzimodzi. Mphunzitsi wina anafunsa ngati ndiye kuti chule woteroyo akunamiza adani ake. Tinaseka, koma funsoli ana athu angalikonde.

Gologolo alibe ululu uliwonse. Gologolo wa m'mitengo ya tsanya, ngati amene timamuona ku Liwonde, ubweya wake umafanana ndi khungwa, ndipo akaona mdani amalira mochenjeza anzake n'kuthawira m'mphako. Mapazi ake akumbuyo amatembenuka, n'chifukwa chake amatsika mumtengo mutu uli pansi. Mano ake akutsogolo sasiya kukula. Amakwiriranso njere m'nthaka, ndipo zina zimene wazisiya zimamera.

Ena ankafuna kuti phunziroli lizikhala la chule yekha poti ndi wochititsa chidwi. Ine ndinakana. Ana athu chuleyu adzangomuona pa chithunzi, pamene gologolo amamuthamangitsa ndi malegeni popita kusukulu. Ndinapempha kuti tiziyamba ndi gologolo, chule abwere pambuyo, ndipo ambiri anavomereza.

Zithunzi za chule ndili nazo pafoni. Tikufunika munthu woti akazisindikize tisanakumane ndi ana Lachisanu.