Kwa Tiyanjane, za ulendo wa ku Joni

Chilomoni, Blantyre
12 Okutobala

Wokondedwa Tiyanjane,

Kalata yako inandipeza Lachitatu madzulo. Gire ndi amene anabwera nayo, pamodzi ndi majekete awiri aja. Zikomo kwambiri mnzanga. Ya Madalitso yamukwana ngati unachita kumuyeza, ya Pempho manja atalikako pang'ono koma tikupinda. Koma chithunzi chija, iwe! Chipewa pamwamba pa chipewa, mpango mpaka m'mphuno, maso okha ndi amene akuoneka. Si iwe unkalira ndi chisanu cha ku Dedza tili pa TP, poyeserera kuphunzitsa paja, mpaka kugona ndi masokosi a bambo a Nachisale? Tsono ku Leeds kumeneko unapita kukafuna chiyani? Ndaseka ndekha pakhonde mpaka anyamata kubwera kudzaona.

Wafunsa ngati za ulendo zija zili zoona kapena ndinkangolota. Ndi zoona. Mulungu akalola, sukulu zikangotsekera mu Disembala tikukwera basi tonse asanu kupita ku Johannesburg, ndipo tsiku limodzi la ulendowo ndi la Gold Reef City, malo a masewera ndi makatungwe.

Anayambitsa ndi alamu anga a Esnart. Chaka chatha anatumiza kavidiyo pa WhatsApp ali kumeneko ndi ana awo, akukuwa pa kasitima kaja kothamanga mozondoka m'mwamba. Ana anakaonera mpaka foni kutha moto. Bambo a Chikondi, pofuna kuti alandire foni yawo, anangoti, "Chikondi akakhoza Sitandade 8 n'kusankhidwa, ndidzakutengani nonse." Mwana uja wakhoza, wasankhidwa, ndipo tsiku lomwe mayina anatuluka sanafunse za yunifolomu kapena za sutikesi. Anangoyang'ana bambo ake n'kunena kuti, "Ku Joni." Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Chiyambire tsiku limenelo m'nyumba muno mulibe nkhani ina.

Ndalama zake tikuzitolera ngati mtedza wotsala m'munda. Ndinalowa chipereganyu cha aphunzitsi asanu ndi mmodzi kusukulu kwathu, ndipo ndinawachonderera kuti ine ndidzalandire mu Novembala. Ku banki m'khonde tikugawana kumayambiriro kwa Disembala. Mafirizesi ndikugulitsa tsiku lililonse, ndipo kutentha kwa mwezi uno kwandithandiza, kupatula masiku amene magetsi azima, chifukwa pamenepo zonse zimasungunuka ndipo amamwa ndi ana omwewa. Nyama tikudya Lamulungu lokha. Madalitso anabwera yekha ndi kachitini kake ka ndalama za nkhunda zimene anagulitsa, n'kuti ndiike pamodzi. Ndinalandira, kenako ndinalowa kuchipinda kuti asandione nkhope.

Chimene chatipweteka kwambiri ndi mapasipoti a ana atatu. Ndalama imene inapita kumeneko ndikanagula nayo matumba a fetereza a amayi chaka chino ndi chamawa chomwe. Pamwamba pake pali nkhani ya marandi. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yathu siimanso pamalo amodzi, ndipo ukawerengera lero kuti zakwana, sabata yamawa wapeza zaperewera. Tinapangana ndi alamu kuti matikiti olowera atigulire okha pa intaneti ndi marandi awo, ife tiwapatse amayi awo kuno makwacha a mwezi ndi mwezi amene iwo akanatumiza. Aliyense wapepukidwa.

Za kogona tinakanganako pang'ono. Mkati mwa malowo muli hotela, ndipo bambo a Chikondi amafuna tigoneko usiku umodzi wokha, kuti ana adzadzuke m'mawa n'kuona makatungwe pawindo. Ndinawamvetsa, chifukwa munthu uja sanagonepo ndi ana ake pa hotela chibadwire chawo. Koma nditawerengera zipinda ziwiri za anthu asanu, ndalama yake inafika pa fizi ya Chikondi ya teremu yonse. Ndinawaonetsa pa pepala, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Tikagona kwa Esnart." Iwo amakhala ku Turffontein, kufupi ndithu ndi Gold Reef City, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Anyamata pansi ndi asuweni awo, atsikana pa sofa, basi. Ndawakonzera mpunga wa Kilombero ndi usipa wa ku Mangochi kuti tisakafike manja lendee.

Njira ukuidziwa, unadutsamo chaka chija unkapita kukagula katundu wa ukwati wa Mercy. Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenako Musina mpaka Park Station. Zipata zitatu, chilichonse kutsika ndi kudindidwa mbali ziwiri, ndi ana atatu ndi zikwama. Chomwe chikundilimbitsa mtima n'choti nthawi imeneyo anthu ambiri amakhala akuchoka ku Joni kubwera kumudzi ku Khirisimasi, ife tikupita kumene iwo akuchoka, ndipo pobwerera mu Januwale tidzasemphananso nawo. Kamba wa panjira ndakonza kale m'mutu: nkhuku ziwiri zokazinga mouma, zigumu, mtedza, madzi ambiri chifukwa ku Tete ndi ng'anjo. Zogula m'njira ayi. Ngakhale tsiku la ku makatungwe tidzadya nsima m'mawa tisanatuluke, chifukwa m'malo otere botolo la fanta limakhala pa mtengo wa ndiwo za tsiku lonse.

Koma zonsezi si zimene zikundisowetsa tulo, Tiya. Ndi masentimita atatu.

Kumeneko makatungwe akuluakulu sakwera aliyense. Amayang'ana kutalika, osati zaka, ndipo alamu akuti mzere wake ndi mita 1.3. Pempho ndinamuyeza ndi tepi ya a telala, waima pa masentimita 127. Ndipo ndi iyeyo amene wauloweza ulendowu kuposa onse. Amadziwa kuti kasitima kolendewera miyendo kaja ndi Anaconda, amadziwa kuti Tower of Terror imakugwetsa kuchoka pamwamba mpaka kulowa m'dzenje la mgodi. Anajambula zonsezi kumapeto kwa kope la masamu. Anzake onse a Sitandade 3 anawauza kale. Tsono taganiza, tayenda masiku awiri, tadutsa mayiko atatu, tafika pa chipata cha Anaconda, Chikondi walowa, Madalitso walowa, iye munthu wayunifolomu wamuika pa ndodo yoyezera n'kupukusa mutu. Ndikaiona nkhope yake m'maganizo mwanga mtima umachita kuti phwii.

Pa mphuthu ya chitseko cha kukhitchini pali mizere ya pensulo tsopano. Timayeza Loweruka lililonse m'mawa, chifukwa a Phiri a ku kwaya anatiuza kuti munthu amatalikako akangodzuka kumene kusiyana ndi madzulo. Phala la soya ndi nsinjiro akudya kawiri. Dzira limodzi limene likanakhala la onse likupita kwa iye, ndipo akulu ake sakudandaula, Madalitso amachita kumusendera. Madzulo amakalendewera pa nthambi ya mango mpaka manja kutupa. Agogo ake atamva anatumiza uthenga kuti mwana asamadumphidwe akagona pansi, ndiye m'nyumba muno aliyense akuyenda mozungulira mphasa. Nachisale akuti ndimugulire nsapato za soli yokhuthala pa kaunjika ku Limbe. Ndinapita, ndinazigwira m'manja, koma ndinazibweza. Mzere umenewo sanauike pofuna kuzunza ana. Chitsulo chogwira pamapewa chija chinapangidwira thupi la msinkhu wakutiwakuti, ndiye ine ndinamize munthu ndi soli kuti mwana wanga akazondoke m'mwamba atamasuka? Sindingathe. Koma ndikabwera kunyumba n'kumupeza ataima chilili pa chitseko, khosi atalitambasula ngati tambala, akundifunsa kuti "Amama, lero yafika?", nsapato zija zimandibwereranso m'mutu.

Iwe tsopano ndi nesi, undiuze zoona. Mwana wa zaka 8 angatalike masentimita atatu pa miyezi iwiri? Usandiyankhe za mnzanga, undiyankhe za kuchipatala. Ndipo ngati yankho ndi ayi, undiuze kuti ndimuuze liti, panopa kuti alire kuno n'kuzolowera, kapena ndingomusiya akaone yekha. Alamu akuti makatungwe a ana ang'ono aliko ambiri ndipo akasangalala. Iwo sakumudziwa Pempho.

Pali china chimene sindinauze munthu, ngakhale bambo a Chikondi. Ine makatungwe sindikuwafuna. Malo amenewo anawamanga pamwamba pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa dzenje limene ankalitcha Shaft 14. Mpaka pano alendo amavala chipewa cholimba ndi nyale n'kutsika ndi chikepe kukaona mmene anthu ankagwirira ntchito pansi, ndipo pamwamba amaonetsa kasungunulidwe ka golide. Kumeneko n'kumene ine ndikupita.

Ukuwakumbukira ababa, atakhala pa mpando wa ndalema kuseri kwa nyumba ku Ntcheu, akutsokomola? Unkawaopa chifukwa ankatikalipira m'chilapalapa tikaba magwafa. Anapita pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu a ku migodi ya ku Joni, ali mnyamata, kawiri. Anakwera ndege pa Chileka mpaka Francistown, kuchoka apo sitima mpaka ku migodi. Anabwerako ndi njinga, wailesi, bulangete lolemera lija tinkafunda tonse awiri ukabwera kudzagona kwathu, ndi bokosi la chitsulo limene mpaka lero amayi amasungiramo nsalu. Anabweranso ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka manda. Akanapita kachitatu, koma mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo a Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ankatchula nkhani imeneyi kamodzikamodzi, kenako n'kukhala chete tsiku lonse.

Ine sindinawafunsepo kuti pansipo panali potani. Ndinali mwana, ndinkangoona njinga. Pamene ndinafika pa msinkhu wofuna kufunsa, mpweya wolankhulira nkhani yaitali unali utawathera. Mgodi wawo sunali umenewu, koma mwala ndi womwewo, mdima ndi womwewo. Ndikufuna ndikaime m'menemo, ndikagwire khoma ndi dzanja langa, ndiwauze ana kuti agogo anu amene simunawaone ankalowa m'malo ngati ano kusanache n'kutuluka dzuwa litapendeka, kuti ine ndidzapite kusukulu. Ndipo taona, basi yathu tikukakwerera pa Wenela pomwepa mu Blantyre, dzina limene ana amangoliyesa la depoti. Pafupi ndi Gold Reef City palinso Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya tsankho la ku South Africa. Chikondi ayamba kuphunzira za Mandela posachedwa, ndiye ngati ndalama itsale ndidzalowa naye awiriwiri.

Ndalemba izi misozi ili m'maso, ndisiye kaye.

Mpopi wathu wakhala wouma masiku anayi, tikutunga kwa a Gondwe, ndipo galu wawo uja sanasinthe khalidwe. Mbuzi ya aneba inadya tomato wanga yense amene ndinkati ndigulitse za ulendo, mwini wake akuti mpanda wanga ndi umene uli wofooka. Sutikesi yaikulu ija ndinabwereka Mercy chaka chatha yabwera zipi atathyoka, iye osanena kanthu, kungoiika pakhomo. Ndikumusiya chifukwa cha mapasawa. Eya, anachira mwezi watha, amuna okhaokha, onse ali bwino. Amayi anawachita opaleshoni ya ng'ala diso lakumanzere ndipo akuonanso, moti akuwerenga okha Baibulo. Bambo a Chikondi anawakweza pantchito mu Ogasiti. Koma zipiyo ndi amene wandikwiyitsa, chifukwa wokonza wa pamsika akuti agule watsopano wautali, ndipo ndi ndalama inanso imene sinali pa pepala langa.

Usanditumizire ndalama, ndakuona kale ukutsegula foni. Uli ndi lendi yako ndi fizi ya ana a malemu achimwene ako. Ngati ukufuna kuthandiza, uyankhe za masentimita zija msanga, ndipo ngati Gire akubweranso Novembala asanathe umupatse kachikwama kaja komanga m'chiuno, koti ndiikemo mapasipoti asanu pa Beitbridge manja akhale ogwira ana. Unenenso ngati ukubwera chaka chamawa, chifukwa chaka chatha unati chaka chino, ndipo a Phiri akusungirabe malo ako a alto.

Pepala ndi lomaliza ili, ndang'amba m'kope la sikimu. Magetsi apitanso, mafirizesi a mawa ndiye basi. Pempho wadzuka, waima pa chitseko paja ndi pensulo ngakhale lero si Loweruka, akuti wamva miyendo ikukoka ali m'tulo. Ndikamuyeze ndi tochi, koma ndikapeza kuti ikadali pa 127 sindikudziwa kuti ndimuuza chiyani.

Ine mnzako,
Eluby