Miyala ya linga la makolo ikuthera m'maziko a nyumba

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala kufupi ndi Ulongwe kuno ku Angónia. Ndiloleni ndidandaule za miyala.

Mdzukulu wanga adandionetsa pa foni zithunzi za linga la ku Rajgir, m'chigawo cha Bihar ku India. Ndi miyala ikuluikulu yosasema, yongosanjikiza popanda dothi, ndipo lingalo linkayenda m'mapiri mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Papita zaka ngati 2,500, koma mbali zina zili chiimire. M'katimo ndimo munali likulu la ufumu wa Magadha, kwa mfumu Bimbisara, yemwe adapereka kwa Buddha, woyambitsa chipembedzo cha Chibuda, munda wa nsungwi wotchedwa Veluvana kuti azikhalamo ndi ophunzira ake. Mwana wa mfumuyo, Ajatashatru, atamulanda ufumu adamutsekera m'ndende, ndipo amasimba kuti mkuluyo ankangoyang'ana ku phiri la miimba kuti aone Buddha akukwera. Maziko amene amati ndi a ndendeyo alendo amakawaona mpaka lero.

Ine ndine Mkatolika, za chipembedzo chawo ndazisiya pambali. Chidandibaya mtima ndi kasanjidwe ka miyalayo, chifukwa ndidakaona kale. Paphiri la kuseri kwa mudzi wathu pali kampanda kotere. Agogo anga ankati ndi pomwe makolo ankabisala nkhondo ya Angoni a Maseko, aja adakhazikika cha ku Domwe. Tili anyamata, poweta mbuzi, tinkatolapo mapale okhala ndi mizeremizere m'khosi, ndipo padali mphero yokumbika mpaka dzanja kulowa lonse.

Mwezi wathawu ndidakwerako. Mbali ya kum'mawa yatha yonse. Ndidapeza anyamata awiri akugubuduza miyala kutsikira ku ngolo, akuti wina akumanga golosale. Mphero ija idasweka pawiri. Sindidawakalipire, poti palibe adawauzapo kuti mulu umenewu ndi linga, ndipo nawonso akusaka ya sopo. Koma usiku umenewo tulo sindidatione.

Ngakhale Apwitikizi liwu loti aringa, limene ankatchulira malinga ngati la Bonga, mtsogoleri amene adalimbana nawo ku Massangano, adalitola m'kamwa mwa anthu a m'chigwa cha Zambezi. Mawu adasungika m'mabuku, miyala yake ndiyo tikugulitsa pangolo.

Ndikupempha mafumu athu aletse kugumula malo otere, ndipo oona za chikhalidwe abwere adzayeze, ajambule, alembe mvula isanagwe. Njira ndikuidziwa, ndidzawaperekeza ndekha. M'mudzimu mwatsala gogo mmodzi yekha wodziwa pomwe padali chipata, ndipo maso ake ayamba kuchita khungu.

Mphunzitsi wopuma,
Ulongwe, Angónia