Usasiye ntchito chifukwa cha mawu awiri

Mwana wanga wokondedwa,

Mlongo wako wandiuza kuti ukufuna kulemba kalata yosiya ntchito chifukwa chakuti bwana wako, pounika mmene wagwirira ntchito chiyambireni, analemba kuti ndiwe "green" komanso "naive". Wandiuzanso kuti unatuluka mu ofesi yawo osatsanzika, chitseko n'kuchimenyetsa. Zimene analemba abwanawo sizikundidandaulitsa ngakhale pang'ono, koma za chitsekozo ndizo zandisowetsa tulo.

Chingerezi ukuchidziwa kuposa ine masiku ano, komabe ndilole ndikukumbutse kuti eni chiyankhulochi ali ndi mawu ambiri onena za munthu wachichepere, ndipo si onse amene ali chipongwe. Akati "green" amaganiza za chipatso chimene chikadali chachiwisi, chimene vuto lake n'lakuti nthawi yake yakupsa sinakwane. Mawu akuti "novice" ndi "inexperienced" amangonena kuti munthuyo ndi watsopano pa ntchitoyo. Alipo ena achikale akuti "callow", amene kale ankanena za kamwana ka mbalame kosamera nthenga, ndipo pocheza amatinso munthu ndi "wet behind the ears", kutanthauza kuti wangobadwa kumene, kuseri kwa makutu sikunaume n'komwe. Onsewa amachoka okha miyezi ikamapita, bola munthu akhale pamalo ake, azifunsa ndi kuphunzira. Bwana amene akukutcha "green" akuyembekezera kuti udzapsa, apo ayi sakanataya nthawi yake kukulembera.

Mawu akuti "naive" amaluma pang'ono, ndikuvomereza. Amanena za munthu wokhulupirira msanga, wongoganiza kuti aliyense womusekerera amamufunira zabwino. Koma kodi abwanawo ananama? Uli wamng'ono unkabwereketsa mabuku ako kwa aliyense wokupempha, ndipo amayi ako ankatopa kukugulira ena, iwe ukuumirirabe kuti anzakowo abweza mawa. Mtima umenewo ndimaukonda mwa iwe, ndipo sindikufuna kuti uutaye. Ndikungofuna kuti uziwerenga pepala lililonse usanasainire, ngakhale wakupatsayo akhale mnzako wodya naye limodzi.

Tsono pali gulu lina la mawu limene ndikuopa kuti angakulembere ulendo wotsatira. "Immature" ndi "childish" sanena za zaka kapena za kuchepa kwa luso, amanena za khalidwe, chimene ife timati chibwana. Munthu wa zaka 60 amatha kutchedwa "childish", ndipo ndawaonapo otero ndi imvi zawo. Akafuna kunyoza kwenikweni amati "puerile", mawu ochokera ku Chilatini kumene "puer" ndi mnyamata, kapenanso "juvenile", amene kukhoti amangotanthauza mwana wosafika msinkhu koma akanenedwa kwa munthu wamkulu amakhala mbama. Uzindikire kuti "childlike" ndi chiyamikiro, pamene "childish" ndi chidzudzulo. Pepala limene unalandira linalibe mawu a gulu ili. Koma pomenyetsa chitseko chija unawapatsa wekha abwanawo chifukwa chokulembera mawu otere, ndipo chimenecho, mwana wanga, ndi chibwana cha mchombo lende.

Kupsa mtima kwakoku sikunayambe lero. Ndikukumbukira tsiku limene mphunzitsi anakulembera ndi cholembera chofiira m'kope, iwe n'kung'amba tsamba lonselo, kenako usiku n'kumalira ukulimata. Tsamba linamatika, koma kalata yosiya ntchito ikangolandiridwa, kuibweza n'kovuta. Usalembe kalatayo. Ndikubwerezanso, usailembe, ngakhale anzako akuuze kuti munthu wophunzira ngati iwe sayenera kunyozedwa. Iwowo ntchito zawo akuzigwirabe.

Lolemba m'mawa upite kwa abwanawo, ugogode, upepese chifukwa cha mmene unatulukira, osawonjezera mawu odziteteza. Ukatero uwafunse modekha kuti anaona chiyani kuti alembe "naive", ndipo yankho lawo ulilembe penapake, pakuti safunsa anadya phula. Akakuyankha mwaukali, upirire mpaka amalize. Ndikudziwa kuti pakhosi padzakuwawa, popeza magazi ako ndi anga, koma ukhoza.

Amayi ako akupereka moni, ndipo akuti usawabisire nkhani ngati zimenezi n'kumauza mlongo wako yekha. Ukakumana ndi abwanawo undiimbire foni madzulo ake omwewo, ndimve kuchokera pakamwa pako mmene zayendera.

Ndine,
Bambo ako