Ulusi wopota ndi magetsi: nkhani ili pa kayalidwe kake

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa luso lopota ulusi ndi magetsi, limene asayansi amalitcha electrospinning. Olifotokoza amakonda kutamanda kuwonda kwa ulusiwo, poti tsitsi la munthu limaoneka ngati chingwe pafupi nawo, koma ine ndikuona kuti nkhani yaikulu ili pa mmene ulusiwo umagonera ukafika pomwe ukugwera.

Pulasitiki wosungunulidwa m'mankhwala amamuika mu sirinji, ndipo singano yake amailumikiza ku magetsi amene kawirikawiri amakhala a ma volt pakati pa 10,000 ndi 30,000. Dontho la kunsonga kwa singano limakokeka n'kusongoka, monga anafotokozera wasayansi Geoffrey Taylor mu 1964, kenako limatuluka ngati kaulusi kothamangira ku mbale yachitsulo, mankhwala aja n'kuuma m'njira. Popeza ulusi wonsewo uli ndi chaji (mphamvu ya magetsi) ya mtundu umodzi, zigawo zake zimakankhana zokhazokha, ndiye umayamba kupindika ndi kuzungulira ngati chikwapu. Kuzungulira kumeneko ndi kumene kumauwondetsa, ndiponso ndi kumene kumaugwetsa mopingasapingasa.

Ambiri amawongola ulusiwu poukulunga pa chitsulo chozungulira mwaliwiro, ndipo zimatheka ndithu, ngakhale liwiro likanyanya ulusi umaduka. Njira imene imandigwira mtima ndi imene Dan Li, Yuliang Wang ndi Younan Xia anaionetsa mu 2003 ku University of Washington. M'malo mwa mbale imodzi, iwo anaika tizitsulo tiwiri n'kusiya mpata pakati. Mpatawo umagawa mphamvu yokoka ya magetsi pawiri, moti ulusi ukamatsika, kwina umakokedwa ndi kachitsulo aka, kwina ndi ako, mpaka umagona mowongoka kudutsa pampatapo. Ulusi umene wagona kale umakhalabe ndi chaji, choncho umakankha wobwera pambuyo kuti ugone pambali pake osati modutsana nawo. Palibe chitsulo chozungulira chilichonse apa. Magetsi omwe aja amene amasokoneza ulusi ndi amene akuuyala bwino.

Ena amaika mphete zachitsulo zokhala ndi magetsi m'njira ya ulusi kuti usamwazike, pamene gulu la asayansi a ku yunivesite ya ku Berkeley ku America mu 2006 linasendeza singano kufupi kwambiri ndi mbale, pamtunda wosapitirira mamilimita atatu, kuti ulusi ugwe usanayambe kuzungulira.

Zonsezi zili ndi ntchito chifukwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, akaikidwa pa ulusiwu amatsata kumene waloza akamakula. Amene akufufuza zolumikiza mitsempha ya uthenga yoduka kapena kukonza minofu yong'ambika amafuna ulusi woloza kumodzi, chifukwa m'thupi namonso ziwalo zimenezi zinayalidwa choncho.

Komabe, Akonzi, tisatengeke. Mpata ukakula kwambiri ulusi umaduka kapena kugwera pansi, ndipo ulusi ukachuluka pampatapo chaji yowunjikana imayamba kuthamangitsa wina wobwera, moti kupeza nsalu yokhuthala komanso yowongoka bwino n'kovutabe. Si paliponsenso pamene pafunika ulusi wowongoka: zosefera mpweya zimagwira fumbi bwino ndi ulusi wopingasa womwewo. Ndikupempha kuti olemba nkhani za luso limeneli azitiuza kayalidwe ka ulusi ndi ntchito imene waupangira, osangotiuza kuwonda kwake.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu