Samalani ndi wakuba wosintha malinki pa webusaiti yanu

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi achinyamata amene akupeza ndalama polemba pa mawebusaiti awo za katundu wa makampani ena, n'kumalandira komishoni munthu akagula kudzera pa linki yawo. Ntchitoyi amaitcha affiliate marketing. Ife ntchito yathu ndi kukonza ndi kusamalira mawebusaiti, ndipo zikutidetsa nkhawa kuti ambiri amapsa mtima akaona nkhani yawo itakopedwa pa tsamba lina, koma salabadira wakuba amene amalowa m'kati n'kusintha malinki. Ameneyu ndiye amadya ndalama zenizeni.

Linki iliyonse ya affiliate imanyamula chizindikiro cha mwini wake. Ku Amazon Associates, ndondomeko ya affiliate ya kampani ya Amazon, chimabwera pambuyo pa mawu akuti tag=, ndipo cha sitolo ya ku America chimathera ndi -20. Munthu akadina linkiyo, Amazon imakumbukira kwa maola 24 kuti wadzera mwa yani. Wakuba akalowa amangochotsa chizindikiro chanu n'kuikapo chake. Nkhani zili momwemo, owerenga akubwera ndipo akugula, koma komishoni ikupita kwina. Amagwira ntchito ngati nankafumbwe: thumba likuoneka lodzaza pamene m'kati mwatsala fumbi. Ena amaika kachidutswa ka malamulo a kompyuta otchedwa JavaScript kosintha linki pa nthawi yodina yokha, ndiponso kwa mlendo wochokera pa Google kapena wa pa foni basi. Mwini webusaiti akalowa ngati admin (woyang'anira webusaiti) amapeza zonse zili bwinobwino, ndipo miyezi imatha akuganiza kuti malonda angotsika.

Kuti mum'gwire, sabata iliyonse yerekezani manambala awiri: kuchuluka kwa anthu amene adina malinki pa webusaiti yanu, monga mukuonera pa Google Analytics kapena pa plugin (kapulogalamu koonjezera pa webusaiti) ngati Pretty Links, ndi kuchuluka kumene kampani ya affiliate ikuonetsa pa akaunti yanu. Sangafanane ndendende, koma alendo akakhala omwewo pamene nambala ya ku kampani yagwa mwadzidzidzi, dziwani kuti pali vuto. Kenako tengani foni imene simunalowerepo ngati admin, fufuzani nkhani yanu pa Google, lowani, dinani linki, muwerenge chizindikiro chimene chatuluka pa adiresi yomaliza. Lembaninso site: motsatizana ndi dzina la webusaiti yanu pa Google. Mukaona masamba a Chijapani kapena otsatsa mankhwala amene simunalembe, akuba alowa kale.

Amalowera kuti? Mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, ndipo mipata yambiri imapezeka m'ma plugin ndi ma theme (okonza maonekedwe a webusaiti), osati mu WordPress mwenimwenimo. Choopsa kwambiri ndi ma plugin olipira amene anthu amagawana ulere m'magulu a WhatsApp ndi Telegram. Ambiri amabwera ndi khomo lobisika limene woperekayo anaikamo dala, ndipo salandira zokonza zatsopano. Tikumvetsa kuti kulipira madola ndi kovuta, komatu ndi bwino kugwiritsa ntchito plugin yaulere ya pa wordpress.org kusiyana ndi yobedwa. Plugin imene simukuigwiritsa ntchito ifufuteni. Kungoizimitsa sikukwanira chifukwa mafayilo ake amakhalabe pa seva, kompyuta yosunga webusaiti yanu. Mu fayilo ya wp-config.php ikani lamulo la DISALLOW_FILE_EDIT kuti wolowa ngati admin asathe kusintha mafayilo a ma plugin ndi ma theme ali m'kati mwa WordPress.

Khomo lina ndi imelo. Amene watenga imelo yanu angathe kusintha pasiwedi ya hosting (kampani yosunga webusaiti yanu), ya domain (dzina la webusaiti) ndi ya akaunti ya affiliate, komwe amasinthanso nambala ya banki yolandirira ndalama. Akaunti iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake, ndipo muyatse chitetezo chachiwiri chofuna nambala yochokera pa pulogalamu ngati Google Authenticator. SMS ndi yofooka chifukwa nambala ya foni imabedwa posinthitsa SIM khadi. Backup (kope lapadera la webusaiti) ichitike tsiku lililonse, isungidwe kunja kwa seva, ndipo musunge za masiku osachepera 30, pakuti vuto limadziwika mochedwa ndipo backup ya dzulo ingakhale ndi matenda omwewo.

Wakuba akalowa, musathamangire kufufuta. Yambani mwasunga kope la webusaiti yonse pamodzi ndi ma log a seva (mndandanda wa zonse zochitika pa sevayo) kuti akhale umboni. Sinthani mapasiwedi muli pa kompyuta yopanda vairasi, kuyambira imelo, kenako hosting, FTP (njira yotumizira mafayilo ku seva), database (mosungira nkhani za webusaiti) ndi admin. Sinthaninso ma salt (makiyi achinsinsi) a mu wp-config.php kuti aliyense amene analowa atulutsidwe. Pa mndandanda wa Users chotsani admin aliyense wachilendo. Mafoda a wp-admin ndi wp-includes aikeni atsopano ochokera ku wordpress.org, ma plugin onsenso chimodzimodzi. Mu foda ya wp-content/uploads muyenera kukhala zithunzi ndi mafayilo ofanana nazo, choncho fayilo ya .php yokhala ndi malamulo ambiri mmenemo ndi yokayikitsa. Onani ngati mulibe malamulo achilendo mu fayilo ya .htaccess, ndipo mu database fufuzani chizindikiro chachilendo chija ndi mawu akuti script m'matebulo a wp_posts ndi wp_options. Amene amangobwezeretsa backup osatseka mpata umene wakuba anadzera amathyoledwanso posachedwa. Lemberani kampani ya affiliate, muwapatse chizindikiro cha wakubayo ndi masiku ake. Kuno kwathu kulowa pa kompyuta ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo mungadandaule ku polisi komanso ku Malawi CERT, nthambi yoona za chitetezo cha makompyuta yomwe ili pansi pa MACRA.

Za okopa nkhani tinene mwachidule. Kutseka batani la kumanja la mouse n'kutaya nthawi, chifukwa okopa ambiri ndi mapulogalamu otenga nkhani kudzera pa RSS, njira imene webusaiti imatumizira yokha nkhani zatsopano kwa oitsatira. Mu WordPress pitani pa Settings, kenako Reading, musankhe Excerpt kuti RSS izitulutsa chiyambi chokha. Kuti mupeze wokopa, ikani chiganizo chimodzi cha nkhani yanu m'mitengero pa Google, kapena gwiritsani ntchito Copyscape, webusaiti yofufuza nkhani zokopedwa. Nkhani yatsopano iliyonse muziisungitsa pa Wayback Machine, webusaiti yosunga makope a masamba a pa intaneti, tsiku lomwelo kuti pakhale umboni wa amene anayamba kulemba.

Umwini wa zolemba umayamba mukangolemba, sufuna kulembetsa. Ngati seva ya wokopayo ili ku America, lamulo la DMCA la 1998 limakulolani kulembera kampani ya hosting kuti ichotse tsambalo. M'kalatayo muike adiresi ya nkhani yanu, ya yobedwayo, mawu otsimikiza kuti simunapereke chilolezo, lumbiro lakuti zimene mwalembazo ndi zoona, dzina, keyala ndi siginecha. Webusaiti ikabisala kuseri kwa Cloudflare, kampani yotchinjiriza mawebusaiti, dzazani fomu yawo ya madandaulo, iwo amatumiza kwa osunga seva. Fomu ya Google imachotsa tsambalo pa zotsatira za kufufuza zokha, osati pa intaneti. Chimene chimawawa wokopa kwambiri ndi kum'neneza ku kampani imene chizindikiro chake chili pa malinki a tsamba lobedwalo, pakuti akaunti yake ingatsekedwe.

Wokopayo akatsutsa dandaulo lanu, a hosting amabwezeretsa tsambalo pakapita masiku ogwira ntchito 10 mpaka 14 ngati simunapite kukhoti. Ndiye dandaulirani zimene munalemba ndi kujambula nokha. Zithunzi za katundu ndi malongosoledwe ochokera kwa opanga katunduyo si zanu, ndipo kuziika m'kalata ya lumbiro kungakuikeni inuyo pa mlandu.

Ndife,
Okonza mawebusaiti,
Blantyre