Ahedi, mwana wamantha si wabodza

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga nanenso ndilankhulepo pa nkhani ija anthu akuyiseka m'magulu a WhatsApp ngati sewero, chifukwa mwanayo ndi wa mchemwali wanga ndipo ine choseketsa sindikuchiona olo pang'ono. Kamtsikana ka zaka 8 kuimitsidwa kutsogolo pa asembule, sukulu yonse maso pa iye, ahedi nkumati uyu ndi uja amadwala m'mimba Lolemba lililonse, tamuombereni m'manja katswiri wa bodza. Ana anaombadi m'manja, nanga akanatani. Mwana ananjenjemera mpaka kudzikodzera pompo, kenako mayi ake atapita kukafunsa anauzidwa kuti m'mera mpoyamba, eti vuto ndi loti anamulera momunyengerera.

Nde ndiwayamike kaye ahedi athuwa. Sitimadziwa kuti pa sukulupo pali dokotala wamkulu chonchi, woyeza m'mimba mwa mwana ndi maso okha, funso ayi, makina ayi, kungomuyang'ana basi zotsatira zatuluka. Zipatala zitsekedwe tizingopita kwa iwowo.

M'mimba mwa mwana uja mumapwetekadi. Munthu akagwidwa ndi mantha thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, magazi amachepa ku matumbo nkuthamangira ku minofu kuti munthu athawe, mpake m'mimba mumapotokola, nseru, ena kutsegula kumene, ena mkodzo kuvuta kuugwira. Inuyo ahedi tsiku la intavyu munapita kangati kuchimbudzi? Kusiyana kwake nkoti inu mumatha kunena kuti ndili ndi nkhawa, pamene mwana wa zaka 8 amangonena chomwe akumva m'thupi, m'mimba, mutu, chifuwa kubanika. Ndipo zoti Loweruka amakhala bwinobwino koma Lolemba wadwala, zomwe inu mukuti ndi umboni wa bodza, ndi zomwe zikanakuuzani kuti pali chimene mwanayu akuopa pa sukulu panu pomwepo.

Zizindikiro zinalipo kalekale kwa wofuna kuona. Lamlungu madzulo amayamba kuwatsata mayi ake paliponse, mubwera kudzanditenga? nanga mukachedwa? nanga mukachita ngozi? mumuyankhe, pakapita kanthawi wabweranso ndi funso lomwelo. Zikhadabo analuma mpaka m'mbali mofiira. Homuweki amalemba nkufufuta, kulemba nkufufuta mpaka pepala kubooka chifukwa chilembo chimodzi chapendekeka, ndipo kope lobookalo aphunzitsi ake amalichonga tsiku ndi tsiku osafunsa kanthu. Usiku kudzidzimuka, kukana kugona yekha. Ana ena nkhawa yawo imatulukira kwina, kupsa mtima msanga, kulira pa zazing'ono, kuponya zinthu nthawi yonyamuka ikakwana, ife nkumati mwano. Nde pali uja amene kunyumba amalongolola osapuma koma m'kalasi mawu satuluka chaka chonse, ameneyo nde timamupatsa mphoto ya mwana waulemu, aaa.

Ndisanamizidwe kuti ndikuti mwana aliyense woopa mdima ngodwala ayi. Khanda kulira mayi akachoka kuyambira miyezi ngati 8 mpaka zaka ziwiri zitatu nzachibadwa, kuopa galu kapena tsiku loyamba la sukulu nzachibadwanso. Pofunika kudzidzimuka mpamene manthawo sakutha, masabata akupita, ndipo akumulepheretsa kupita ku sukulu, kusewera ndi anzake, kugona, kudya. Pa nkhawa yoopa kusiyana ndi makolo madokotala amayang'ana ngati zapitirira masabata 4. Wathuyu teremu yonse.

Ndipo izi si zopeka za azakhali okwiya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu 301 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, mwa iwowo 58 miliyoni anali ana ndi achinyamata. Bungwe lomwelo lakhala likunena kuti pafupifupi theka la matenda a m'maganizo limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Ku America mu 2022 akatswiri a zaumoyo analangiza kuti ana onse a zaka 8 mpaka 18 aziunikidwa za nkhawa, olo asanadandaule. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndime 28, likuti chilango cha pa sukulu chizilemekeza ulemu wa mwana ngati munthu. Kaya kuombera m'manja mwana akudzikodzera kuli pa ndime iti, ahedi atiuze.

Chomwe chimanditopetsa kwambiri ndi nyimbo ija yoti ife tinakula ndi chikwapu ndipo tili bwinobwino. Bwinobwino wake uti? Akuluakulu angati sagona tulo, foni ikangolira mtima phaa, ena amathawira ku mowa, ena sangaime kulankhula pagulu mpaka lero chifukwa anasekedwa ali ana. Pa 10 October aliyense amaika chithunzi pa Facebook za tsiku la thanzi la m'maganizo, mawa lake tabwerera kuwerenga kuti akhoza mayeso ndi angati, sukulu ili nambala chani, mwana ngati akugona kapena ayi palibe amafunsa. Ngakhale ife makolo tisadzichotsepo. Wina amakalipa kuti usandichititse manyazi, wina chifundo chimamupitirira nkumati basi khala kunyumba mwanawe, osadziwa kuti tsiku lililonse limene mwana wathawa chomwe akuopa mtima umatsikadi kwa kanthawi koma mawa lake mantha amabwera atakula. Onse awiri akumupweteka, wachiwiriyo mwachikondi chabe. Nanga inu amene munajambula nkumatumizirana, ana anu mulibe?

Ahedi apepese, zimenezo sitikambirananso. Kwa makolo anzanga mwachidule, pitani naye kaye kuchipatala aone ngati si njoka za m'mimba kapena vuto lina, akapeza kuti palibe musanene kuti nde umanama. Musamuuze kuti palibe choopsa, muuzeni kuti ndikuona ukuopa, ndili nawe, ndipo upita ndithu. Muzipita pang'onopang'ono, lero mpaka pageti, mawa ola limodzi m'kalasi, mkuja mpaka buleki, kutsanzikana kwake kwachidule osazembanso mwana asakuona, ndipo nthawi imene mwalonjeza kudzamutenga ikwane muli pompo. Muphunzitseni kupuma mofatsa, kukoka mpweya ndi mphuno nkuutulutsa pang'onopang'ono, muziyeserera limodzi ali bwino osati wayamba kale kunjenjemera. Sukulu iliyonse ikhale ndi mphunzitsi mmodzi amene mwana angathamangireko osafunsidwa mlandu, ndipo a unduna wa maphunziro ikani zimenezi m'makoleji a aphunzitsi, sizikufuna nyumba yatsopano. Zikapitirira funani phungu kapena dokotala wa za maganizo, thandizo lokambirana lija amati CBT limathandiza ana ambiri. Koma mwana akasiya kudya, akayamba kudzivulaza kapena kunena zoti bola kufa, musadikire teremu ithe, pitani naye tsiku lomwelo.

Zakhali wokhumudwa