Ndinayamba ndalawa Linux ndisanafufute Windows

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za makompyuta akale, poti chisiyireni kampani ya Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, anthu pano pa Kamwendo akhala akundifunsa chochita ngati kuti ndine katswiri. Inetu ndili ndi kashopu chabe kotayipa makalata ndi kupanga fotokope.

Laputopu yanga ndi ya pa kaunjika, ya RAM (malo amene makina amasungirapo zimene akugwira nthawi yomweyo) ya 8 GB, ndipo Windows 11, yolowa m'malo mwa Windows 10, inakana kulowamo ati mulibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Mphwanga amene amaphunzira ku Lilongwe anangoti, "Achimwene, fufutani zonsezo muikemo Linux." Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga imachitira Windows. Ndinakana. M'makinamo muli ma CV a anthu, makalata ogulitsirana malo, ngakhale ndondomeko za maukwati. Mlimi wa mtedza akapatsidwa mbewu yachilendo sadzala munda wonse, amayamba wayesa mizere iwiri kumapeto kwa munda.

Mizere yanga iwiriyo inali VirtualBox, pulogalamu yaulere imene imapanga kompyuta yongoyerekezera mkati mwa kompyuta yeniyeni. Chilichonse chimene ungawononge mmenemo chimathera momwemo, mafayilo ako ali phee. Ndinaipatulira RAM ya 3 GB ndi malo a 25 GB kuti ndiyeseremo Linux.

Tsiku loyamba zinakanika. Ndinakhala madzulo onse ndikutukwana makina osalakwa, osadziwa kuti mu BIOS, mmene mumasinthidwira kagwiridwe ka makina Windows isanayake, muli kenakake kotchedwa VT-x kamene VirtualBox imafuna koma kanali kozimitsa. Za bandulo ndiye musanene: Linux Mint, mtundu wa Linux umene ndinasankha, ndi pafupifupi 3 GB, ndinachita kudikira usiku, magetsi n'kuthimanso ili pakati.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Linux ilibe nkhope imodzi. Malo amene umaona mafoda, menyu ndi wotchi, omwe amati desktop environment, umachita kusankha wekha. Linux Mint imabwera ndi mitundu itatu: Cinnamon, MATE ndi Xfce. Ndinayamba ndi Cinnamon. Ndiyokongola ndithu, ndipo mdzukulu wanga amene amandithandiza pa shopu anapeza menyu pakona ya kumanzere osafunsa munthu. Koma inkayenda mokoka miyendo, ukatsegula windo n'kumadikira ngati minibasi yosadzadza. Xfce ndiyosadzikongoletsa, koma inali changu.

Apa ndichenjeze anzanga. Musaweruze liwiro la Linux muli mu VirtualBox, chifukwa makina amodzi akusenza akatundu awiri nthawi imodzi. Nditaika Cinnamon yomweyo pa fulashi n'kuyatsira laputopu pamenepo, kukoka miyendo kuja kunachepa kwambiri. Chimene VirtualBox imakuuza moona n'chakuti manja ako azolowera kapena ayi.

Chinandisangalatsa koposa ndi snapshot, kusunga mmene zinthu zilili usanayambe kugwiragwira. Tsiku lina ndikusintha mitundu ndinachotsa mwangozi kamzere ka pansi konse, menyu ndi wotchi zomwe. Mdzukulu wanga uja anangoti, "Agogo, mwaipha!" Ndinabwerera pa snapshot ya dzulo lake, zonse n'kukhalanso m'malo mwake madzi a tiyi asanawire.

Sikuti zonse ndi zokoma. Kalata ya kasitomala wina yolembedwa mu Word nditaitsegula mu LibreOffice, pulogalamu yolembera imene imabwera ndi Linux Mint, tebulo la mitengo linasuntha n'kudumphira tsamba lachiwiri. Pa ntchito yangayi chimenecho si chaching'ono, munthu amalipira tsamba lililonse.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi n'lakuti mutipatseko kadanga m'nyuzipepala muno kofotokoza zoterezi m'Chichewa, poti aphunzitsi ndi eni mashopu ambiri kuno akuganiza kuti makina awo atha ntchito. Ine Windows sindinaifufutebe. Pulinta yavomera kale kugwira ntchito ndi Linux, kwatsala sikana, ndipo ndiiyesa Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.

Wotayipa makalata,
Kamwendo, Mchinji